Kalata Yoletsa Kalata

Zaka makumi atatu ndi ziwiri ndinasanja makalata
pa positi ofesi ya Salima, kuseri kwa kauntala,
a ku Chipoka uku, a ku Khombedza uko,
a ku Lifuwu m'thumba lobooka lija
limene aliyense ankati alisoka mawa.
Lero mwana wanga Ndaziona akuti nayenso ndi wapositi.

Wabwera patchuthi ndi chithunzi pafoni,
timadontho totuwa ngati mapira otayikira pasimenti.
Akuti, Ababa, amenewa ndi maenvelopu.
Mutandandalika mazana asanu
sangadutse kunenepa kwa tsitsi limodzi
mwa ochepa amene akutsalirani kumutuwo.

Timawaumba ndi polima, ulusi wautali wopotana,
m'bale wake wa pulasitiki koma wosungunuka m'thupi.
Ulusiwo umafungatira kakalata kofooka
kamene magazi akanakatafuna
kasanafike ndi pamphambano pomwe.

Ndinafunsa keyala.
Akuti selo, kachipinda kosaoneka kamene thupi linamangira.
Ndinafunsa uthenga.
Akuti liwu limodzi lokha: Chete.

M'selomo muli jini.
Ndinamuyang'ana, iye n'kuseka:
si majini a kwa sing'anga ayi,
ndi mlembi amene wasokonekera,
usana ndi usiku akutumiza makalata oitanitsa matenda.
Kakalata kathu sikamenya mlembiyo.
Kamangokhala panjira, kakazindikira zilembo zake
kamaitana lumo,
kalata n'kuduka asanaiwerenge.

Nanga onse amafika?
Apa mwana anatsitsa foni.
Ambiri amathera kuchiwindi, ngati basi yolakwika.
Ena alonda a m'magazi amawagwira pachipata.
Wofika, selo imamumeza n'kumutsekera m'kathumba kowawasa,
ndipo envelopu iyenera kutupa, kuboola thumbalo
isanagayidwe pamodzi ndi uthenga wake.
Mwa zana, mwina awiri.
Polima ikalimba kwambiri imapweteka selo,
ikafewa imataya katundu panjira.
Zaka zisanu ndi chimodzi ndikusinthasintha ulusi umenewu
ndipo odwala anga akadali mbewa,
zoyera, zosaotcha, zokhala ndi manambala.

Mwa zana awiri.
Ine bwana akanandichotsa ntchito Lachiwiri lomwelo.
Koma ndikulidziwa bokosi lija pansi pa shelefu,
la makalata opanda eni, onyowa, odyedwa ndi chiswe,
ena olembedwa chabe: Kwa amayi, pafupi ndi chigayo.

Pali chimene sindinamuuze mwanayu.
Chaka china inabwera telegalamu yochokera ku Joni,
ya kwa a Nachanza, kuseri kwa siteshoni ya sitima.
Mwamuna wawo, mgodi, thanthwe.
Linali Lachisanu.
Loweruka mwana wawo wamkazi amakwatiwa.
Ndinaipinda, n'kuiika m'thumba la malaya
ndipo kuukwatiko ndinapita nayo,
ndinavina nayo, ndinafupa nayo,
thukuta n'kufufuta chidindo.
Lolemba ndinagogoda.
Masiku atatu okha ndinawagulira,
koma mpaka kumwalira kwawo
sindinadziwe ngati anandithokoza kapena kunditemberera.

Tsono ndinafunsa: chete ameneyu amakhalitsa?
Akuti milungu, mwina miyezi.
Mlembi safa, amayambiranso,
ndiye timatumizanso ina.

Ndinagwedeza mutu. Ntchito ya positi imeneyo,
yosatha, yodzukira m'mamawa.

Dzina la amake sitinalitchule.
Tonse tinkadziwa bedi lachitatu kuchokera pakhomo
m'chipatala cha boma chija,
mimba yotupa, maso achikasu,
makalata oipa akungofika, akungofika,
ine wapositi nditakhala pampando, manja lende.

Madzulo wakwera minibasi ya ku Lilongwe.
Ndamupatsa chidindo changa chakale chamtengo,
mphira wake unadyeka, deti linaima.
Akuti mulabotale salola zinthu zafumbi.
Ndati chiike m'thumba la malaya basi.
Tsiku limene envelopu yako idzafike
kwa munthu wadzina, wokhala ndi ana,
udzadinde papepala lililonse:
Yalandiridwa.